Kaundula wa ntchito yokonza ndege: zolembedwa, wosayina ndi nthawi yosunga

Ndege yonyamula anthu ikatera pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kapena ku Chileka, maso a anthu ambiri amakhala pa katundu amene akutsitsidwa ndi pa galimoto yothira mafuta. Ndi ochepa amene amaona injiniya akukwera masitepe kupita kumene amakhala oyendetsa ndege, n'kutenga buku, kuliwerenga, kenako n'kusayina. Komatu ngati pali vuto limene lalembedwa m'bukumo, kapena pali chimene chakonzedwa, ndegeyo siloledwa kunyamukanso popanda siginecha imeneyo, ngakhale injini zake zilire bwino chotani.

Bukulo ndi kachigawo chabe ka kaundula wa ntchito yokonza ndege. Kaundulayu ndi zolembedwa zonse zosonyeza maola amene ndege yauluka, zimene zaunikidwa, zakonzedwa kapena kusinthidwa, amene adagwira ntchitoyo ndi amene adaivomereza, kuyambira tsiku limene ndegeyo idatuluka m'fakitale. Wina angamufanizire ndi kabuku ka kuchipatala. Kusiyana kwake n'kwakuti wodwala akaiwala kabukuko, dokotala amamufunsa pakamwa n'kumuthandiza ndithu, pomwe ndege siyankhula. Chitsulo chimene chatsala pang'ono kuthyoka chifukwa cha kutopa chimaoneka ngati chatsopano, ndipo malo amene sadamangidwe bwino sadziwika akaphimbidwa ndi lata. N'chifukwa chake anthu a ntchitoyi amaitenga ntchito yosalembedwa ngati ntchito yosagwiridwa.

Gwero la malamulowa

Maziko ake ndi pangano la ku Chicago limene maiko adasayinirana pa 7 December 1944. Panganoli ndilo lidabala bungwe la International Civil Aviation Organisation, mwachidule ICAO, limene likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada. Maiko 193 ndi mamembala ake, ndipo Malawi ali momwemo. ICAO siyendera ndege imodziimodzi. Imalemba miyezo m'zikalata zotchedwa Annex, ndipo dziko lililonse limaika miyezoyo m'malamulo ake. Za kaundula zili mu Annex 6, yokamba za kayendetsedwe ka ndege.

Udindo wosunga kaundula ndi wa kampani yoyendetsa ndege, ndipo suchoka pamapewa ake ngakhale itatuma kampani ina kuti iikonzere ndegeyo. Woyang'anira kuti ndege ndi yoyenera kuuluka ndi dziko limene idalembetsedwa, limene limadziwika ndi zilembo zolembedwa pathupi pake: 7Q ndi Malawi, 9J Zambia, 5Y Kenya, ET Ethiopia, ZS South Africa. M'dziko muno ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la Civil Aviation Authority, limene lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la zandege la m'chaka cha 2017. Ku United States kuli FAA, ku Ulaya kuli EASA. Malamulo a mabungwe awiriwa amafika kutali kuposa malire awo, chifukwa injini ndi masipeya ambiri amachokera m'maiko amenewo ndi ziphaso zakomweko.

Zimene ziyenera kudziwika nthawi zonse

Annex 6 imatchula zinthu zisanu ndi chimodzi. Choyamba ndi nthawi yonse imene ndege yagwira ntchito, pamodzi ndi ya chipangizo chilichonse chimene chili ndi malire a moyo wake. Chachiwiri ndi pamene ndege yafika potsatira malangizo okakamiza amene mabungwe oyang'anira amatulutsa akapeza vuto pa mtundu wina wa ndege kapena injini. Kenako pali tsatanetsatane wa zimene zidasinthidwa kapena kukonzedwa pathupi la ndege. Nthawi imene yadutsa chiphwasulireni ndi kumanganso zipangizo zimene lamulo limati ziziphwasulidwa. Pamene ndege yafika pa ndondomeko yake yovomerezeka ya kaunikidwe. Ndipo potsiriza, zikalata zosonyeza kuti zonse zofunika zidachitika asadasayinire kuti ndege ibwerere pantchito.

Nthawi ya ndege imawerengedwa m'njira zitatu: maola a mumlengalenga, masiku a pakalendala, ndi maulendo. Ulendo umodzi, umene a ntchitoyi amautchula kuti cycle, ndi kunyamuka ndi kutera kamodzi, kaya ndege yachoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre kaya yauluka usiku wonse kupita ku London. Chifukwa chake n'chakuti ndege ikakwera m'mwamba amaipopera mpweya m'kati kuti anthu azipuma bwino, thupi lake limafufuma pang'ono, ndipo ikatsika limaphwa. Kufufuma ndi kuphwaku ndiko kumatopetsa chitsulo, monga waya amadukira akamapindidwa uku ndi uku.

Pa 28 April 1988 denga la ndege ya Boeing 737 ya kampani ya Aloha Airlines lidasasuka ili m'mwamba kuzilumba za Hawaii. Wogwira ntchito m'ndegemo mmodzi adamwalira, koma oyendetsa adatha kuitsitsa pachilumba cha Maui. Ndegeyo idali itauluka maola 35,496, chiwerengero chosadabwitsa pa ndege ya zaka 19, koma maulendo ake adali 89,680 chifukwa inkangodumpha pakati pa zilumba zoyandikana. Wowerenga maola okha akadaiyesa yosakalamba kwenikweni.

Zipangizo zina, monga zitsulo zozungulira za m'kati mwa injini ndi zigawo za miyendo yoterera, zimapatsidwa chiwerengero cha maulendo chimene sichiyenera kupitirira. Chikakwana, chipangizocho chimachotsedwa ngakhale chikuwala ngati chogula dzulo. Ogula ndi obwereketsa ndege amafuna mbiri ya chipangizo chotere kuchokera tsiku limene chidapangidwa, ndi ndege iliyonse imene chidakhalapo. Pakapezeka mpata wosadziwika m'mbiriyo, palibe angalumbire kuti chatsala ndi maulendo angati, ndipo nthawi zambiri mathero ake chimangotayidwa.

Buku loyenda ndi ndege

Buku limene injiniya uja amasayina limakhala m'ndege momwemo. Kaputeni amalembamo maola a ulendo ndi vuto lililonse limene waona. Injiniya amayankha pambali pake chimene wachita. Vuto lolembedwa silifufutidwa ndipo silingasiyidwe lopanda yankho: kaya likonzedwe, kaya liimikidwe kaye movomerezeka.

Kuimika vuto kuli ndi lamulo lake. Mtundu uliwonse wa ndege uli ndi mndandanda wotchedwa Minimum Equipment List, wofotokoza zipangizo zimene ndege ingauluke zili zakufa, pa mfundo zotani ndiponso kwa masiku angati. Za m'gulu B zimapatsidwa masiku 3, za gulu C masiku 10, za gulu D masiku 120, pomwe za gulu A zili ndi malire akeake olembedwa mumndandandamo. Tsiku lomaliza likadutsa chisadakonzedwe, ndege imakhala pansi. Apaulendo amene amadandaula kuti akhalitsa pabwalo "chifukwa cha mapepala" nthawi zina amakhala akudikira zimenezi.

Bukuli limathandiza pokhapokha ngati wolembamo walemba zonse. Ndege ya Lion Air ya mtundu wa Boeing 737 MAX 8 imene idagwera m'nyanja ku Indonesia pa 29 October 2018, n'kupha anthu 189, idali itavutitsa kale oyendetsa ena paulendo wa dzulo lake. Iwo adalemba zina mwa zimene adaona, koma sadalembe kuti chenjezo logwedeza chiwongolero lidalira pafupifupi ulendo wonse, ngakhalenso kuti adachita kuzimitsa makina amene ankaweramitsa ndegeyo. Ofufuza adapezanso kuti masamba 31 a kaundula wa mwezi umenewo adasowa. Gwero lalikulu la ngoziyo lidali m'kapangidwe ka ndegeyo, koma lipoti lidatchula kupereweraku ngati chimodzi mwa zimene zidathandizira, pakuti amakaniko adakonza zimene adawerenga basi.

Kalembedwe ndi siginecha

Malamulo a FAA amafuna kuti pa ntchito iliyonse palembedwe chimene chachitika, tsiku limene yathera, dzina la wogwira ntchitoyo, siginecha ya woivomereza ndi nambala ya chiphaso chake. Maiko ena amafuna zofanana. Kulemba kuti "zakonzedwa" sikokwanira. Pamayenera kuoneka gawo la buku la malangizo limene latsatidwa, komanso nambala ya chipangizo chimene chachotsedwa ndi ya chimene chaikidwa. Wolemba akalakwitsa amadula mzere umodzi pamawuwo kuti aziwerengekabe, n'kusayina pambali. Penti yoyera yofufutira ya m'maofesi ija ilibe malo kumeneku.

Ntchito zikuluzikulu zimagawidwa m'makhadi, ndipo sitepe iliyonse imasayinidwa kapena kudindidwa ndi amene waigwira. Makhadi enieni amene adali m'manja mwa makaniko, amafuta ndi zidindo za zala, m'Chingerezi amawatchula kuti dirty fingerprints, ndipo ofufuza amawakhulupirira kuposa lipoti lotayipidwa bwino muofesi. Pa ntchito zimene kulakwitsa kwake kungagwetse ndege, monga zokhudza ziwongolero, pamafunika munthu wachiwiri wodzaunika, ndipo sangakhale yemwe wagwira ntchitoyo. Zonse zikatha, injiniya wokhala ndi chilolezo cha mtundu umenewo wa ndege amasayina chikalata choimasula. Siginecha imeneyi ndi umboni wa munthu payekha, ndipo imamutsata zaka zambiri.

Malo oopsa kwambiri m'ndondomeko yonseyi ndi posinthana mashifiti. Ndege zambiri zimakonzedwa usiku, ndipo ntchito yoyambidwa ndi gulu lina imamalizidwa ndi lina. Madzulo a pa 10 September 1991, amakaniko a kampani ya Continental Express mumzinda wa Houston ku United States adayamba kusintha mphira woteteza madzi oundana kuzipsepse za kumchira kwa ndege ya Embraer 120. Woyendera ntchito wina wa shifiti yamadzulo, pofuna kuthandiza anzake, adakwera pamwamba n'kumasula masikuluwu a mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere. Nthawi yoweruka itakwana, makhadi a ntchitoyo sadalembedwe, ndipo pafomu yosiyirana ntchito iye adangolemba kuti adathandiza amakaniko, osatchula za masikuluwu.

A shifiti yausiku adamaliza mbali ya kumanja. Poona kuti nthawi yatha, adaganiza zosiya ya kumanzere mpaka tsiku lina, pokhulupirira kuti sidakhudzidwe. Mchira wa ndege imeneyi uli ngati chilembo cha T, ndipo pamwamba pake saonapo munthu woima pansi. M'mawa ndegeyo idauluka bwinobwino kupita ku Laredo. Pobwerera, ikutsika mothamanga, chigawo chakutsogolo cha chipsepse chakumanzere chidachoka, ndege idasweka m'malere pafupi ndi Eagle Lake ku Texas, ndipo anthu onse 14 adamwalira. Masikuluwu osamangidwawo adali 47. Palibe amene adaba kanthu kapena kufuna choipa. Uthenga udangoyenda pakamwa n'kutayika panjira. Paja kandimverere adakanena za m'maluwa.

Zofananazo zidaonekanso patadutsa zaka zoposa 30. Pa 5 January 2024 chitseko chotsekeratu cha ndege yatsopano ya Boeing 737 MAX 9 ya Alaska Airlines chidachoka itangonyamuka ku Portland. Mwamwayi palibe adamwalira. Chitsekocho chidatsegulidwa m'fakitale ya Boeing m'mwezi wa September 2023 kuti akonze malo ena pafupi nacho, koma chikalata chosonyeza kuti chatsegulidwa sichidalembedwe. Popeza padalibe chikalata, padalibenso wotumidwa kukaunika, ndipo mabauti anayi ochigwira sadabwezeretsedwe.

Kusayinira ntchito yosagwiridwa

Vuto lina ndi lotembenuka: pepala lilipo, ntchito palibe. M'chaka cha 1996 amakaniko a kampani ya SabreTech ku Miami adachotsa zitini zopangira mpweya wopuma m'ndege za ValuJet. Khadi la ntchitoyo linkafuna kuti chitini chilichonse chivalikidwe kachitsekerero koletsa kuyaka. Tizitsekereroto padalibe, koma makhadi adasayinidwa ngati taikidwa. Pa 11 May 1996 zitinizo zidapakiridwa m'ndege ya DC-9, zidayatsa moto, ndipo ndegeyo idagwera m'dambo la Everglades ndi anthu 110. Kulemba bodza mu kaundula wa ndege ndi mlandu m'maiko ambiri, ndipo wopalamula amalandidwa chiphaso, mwinanso kumangidwa.

Masipeya nawo amayenda ndi ziphaso. Chipangizo chilichonse choikidwa pandege ya kampani chimabwera ndi chikalata chotsimikiza kuti ndi choyenera, chimene ku Ulaya ndi EASA Form 1, ku United States FAA Form 8130-3. M'chaka cha 2023 zidaululika kuti kampani ya AOG Technics ya ku London idagulitsa masipeya ambirimbiri a injini za CFM56 ndi ziphaso zachinyengo. Injini za mtunduwu n'zofala dziko lonse, pa ndege zambiri za Boeing 737 ndi Airbus A320. Makampani adadziwa injini zoyenera kumasula pofufuza m'kaundula wawo kuti chipangizo chilichonse adachigula kwa yani ndipo adachiika pati. Chinyengo chidalowera pa pepala, ndipo chidasakidwanso ndi pepala.

Nthawi yosunga

Malinga ndi Annex 6, zolembedwa zosonyeza maola, maulendo, zosinthidwa ndi pamene ndege yafika pa ndondomeko yake zimasungidwa moyo wonse wa ndege kapena chipangizocho, kuonjezapo masiku osachepera 90 chitachotsedwa pantchito kotheratu. Zikalata zatsatanetsatane zochirikiza siginecha yomasula ndege zimasungidwa kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo. Amenewa ndi malire apansi, ndipo maiko ndi omasuka kuwakweza. EASA imafuna kuti kampani yokonza ndege isunge zikalata zake zaka zitatu, buku loyenda ndi ndege lisungidwe miyezi 36 kuchokera pa zimene zidalembedwa komaliza, ndipo mbiri yaikulu isungidwe miyezi 12 ndege italeka ntchito. FAA imati zikalata za ntchito wamba zisungidwe mpaka ntchitoyo itabwerezedwa kapena chaka chitatha.

Chaka chimodzi n'chachifupi poyerekeza ndi moyo wa ndege, ndipo n'chifukwa chake zigamba zoikidwa pathupi la ndege zili m'gulu la zosungidwa mpaka mapeto. Pa 7 February 1980 ndege ya Boeing 747 ya China Airlines idakhulitsa mchira pansi potera ku Hong Kong. Amisiri adaika chigamba cha lata pamalo okalikawo m'njira yosemphana ndi buku la Boeing, koma m'kaundula mudalembedwa mwachidule kuti ntchito idatsata bukulo. Kwa zaka 22 ming'alu idakula kuseri kwa chigambacho. Pa 25 May 2002 ndegeyo idasweka m'malere ikuchokera ku Taipei kupita ku Hong Kong komweko, ndipo anthu 225 adamwalira. Woyendera aliyense amene adawerenga mzere uja m'zaka zonsezo adalibe chomukayikitsa.

Ndege za asilikali, apolisi ndi za kasitomu sizili pansi pa pangano la ku Chicago. Zimatsata malamulo a eni ake. Komabe nkhani ya masiku a pakalendala siisankha ndege. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany, amene adafufuza ngozi ya ndege ya asilikali ya Dornier 228 imene idapha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu ku Chikangawa pa 10 June 2024, adapeza kuti batire la kachipangizo kolozera pamene ndege yagwera lidatha ntchito m'chaka cha 2004. Batirelo silidagwetse ndegeyo, pakuti ntchito ya kachipangizoka imayamba ngozi itachitika kale. Koma ndi chitsanzo cha zinthu zimene pa ndege za makampani zimalondoledwa ndi tsiku lolembedwa m'kaundula.

Ndege ikasintha manja

Ndege ikabwerekedwa kwa kanthawi, kampani yoilandira iyenera kupatsidwa mwayi woona kaundula wake. Ikagulitsidwa kapena kusamukiratu, kaundula amapita nayo. Pafupifupi theka la ndege zonyamula anthu padziko lapansi si za makampani oziyendetsa koma n'zobwereka, ndipo pozibweza mkangano umakula pa mapepala kuposa pa zitsulo. Akatswiri amatha milungu akufananiza nambala iliyonse ya m'zikalata ndi ya pachipangizo chenicheni. Chikalata chikasowa, ntchito imene chinkachitira umboni imabwerezedwa kapena chipangizo chimasinthidwa, ndipo ndalama zake amalipira wobweza ndegeyo. Ndege yakale ikhoza kukhala ndi mabokosi makumimakumi a zikalata, ndipo amasungidwa m'chipinda chotetezedwa ku moto, madzi ndi akuba.

Masiku ano makampani ambiri asamutsira kaundula pa kompyuta, ndipo m'ndege zina tabuleti yalowa m'malo mwa buku lija. Malamulo amalola, malinga ngati bungwe loyang'anira lavomereza, wosayina aliyense akudziwika payekha, zimene zasinthidwa zikusiya mapazi, ndipo kope lina likusungidwa kumalo osiyana ndi kumene kuli makina oyambawo. Zikalata zakale za papepala zimajambulidwa n'kulowetsedwa m'kompyuta, ngakhale obwereketsa ndege ambiri amafunabe kuona makhadi enieniwo pa tsiku lobweza.